Momwe mungasandutsire garaja kapena chipinda kukhala khola la fulu wamkulu m'dziko lozizira

Vuto limaonekera m'chaka chachitatu kapena chachinayi. Munagula kafulu kokwana m'chikhato, n'kukaika m'bokosi lagalasi pabalaza, alendo onse n'kumakayamikira. Lero fulu uja wakula, akutembenuka movutikira, akungogogoda galasi ndi chigoba, ndipo kunja ndi Novembala wa ku Britain, dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane. Apa ambiri amangomutulutsa kuti aziyendayenda m'nyumba. Pansi m'pozizira, matailosi ndi oterera, kuwala kumene thupi lake limafuna kulibe. Ikangotha miyezi ingapo mamina ayamba, miyendo yakumbuyo yafooka, chigoba chafewa.

Kwathu fulu timakumana naye m'thengo mvula ikagwa, ndipo palibe amene amamumangira kanthu. Dzuwa, dothi lofunda ndi kapinga amazipeza yekha. M'dziko lozizira zonsezi muyenera kuzimanga ndi manja anu mkati mwa makoma anayi, ndipo muzimange fulu asanapanikizike.

Malangizowa ndi a mitundu iwiri imene imagulitsidwa kwambiri ili yaing'ono. Woyamba ndi leopard tortoise, wa chigoba cha mawanga ngati kambuku, amene kwawo ndi kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ambiri amafika masentimita 40 ndi makilogalamu oposa 10, ena kupitirira apo kutali. Wachiwiri ndi sulcata wa ku Sahel, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, amene amapambanidwa kukula ndi afulu a ku Galápagos ndi ku Aldabra okha. Sulcata wamkulu amatha kulemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Onse awiri amatha kukhala zaka zoposa 50, ndipo mosiyana ndi afulu a ku Mediterranean, iwo sagona nyengo yonse yachisanu. Amafuna kutentha chaka chonse.

Zofunika kukhala nazo

Zomangira:
- Matabwa a fulemu, ndi pulayiwudi yochindikala mamilimita 18
- Mabolodi otchinga kuzizira, monga a Celotex kapena Kingspan, a mamilimita 50, pamodzi ndi tepi yake yasiliva
- Pulasitiki yochindikala yoyala m'maiwe a nsomba
- Mphasa za labala zoyala m'makola a akavalo
- Masikuluwu, mahinjesi, loko, matcheni ndi zokolekera
- Vanishi kapena penti yosungunulira madzi, ndi silikoni wa m'matanki a nsomba

Zamagetsi:
- Chubu chotulutsa UVB (mbali ya kuwala kwa dzuwa yosaoneka ndi maso) cha mtundu wa T5, cha 10 kapena 12 peresenti, chokhala ndi chobwezera kuwala pamwamba
- Mababu awiri kapena atatu otenthetsa a mtundu wa flood (omwaza kuwala), ndi zogwirira zake za seramiki
- Hita ya mafuta kapena mahita a chubu
- Ma thermostat awiri (zipangizo zowongolera kutentha zokha), taimala imodzi
- Zoyezera kutentha ziwiri zosunga chiwerengero chokwera ndi chotsika, choyezera chinyezi, ndi kachipangizo kolozera koyeza kutentha kwa pamwamba pa chinthu
- Fani yotulutsa mpweya, ndi alamu ya utsi

Zamkati: dothi lopanda feteleza kapena mankhwala, makoko a kokonati opera, udzu wouma, thireyi yaikulu yosazama, ndi mwala wafulati.

Zida: tepi yoyezera, macheka, dirilo, mpeni wakuthwa, fosholo.

1. Yambani ndi zilolezo, musanakhome msomali

Ngati nyumba ndi ya lendi, pezani chilolezo cha mwininyumba cholembedwa papepala. Mawu apakamwa amaiwalika tsiku lotuluka m'nyumba. Auzeninso a inshuwalansi ya nyumba kuti m'garaja mukhala mahita oyaka usana ndi usiku.

Afulu onse awiriwa ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, mgwirizano wa maiko wowongolera malonda a nyama ndi zomera zakutchire, choncho sungani lisiti ndi pepala losonyeza kuti wanu anaswedwa kwa oweta. Ku South Africa kusunga leopard tortoise kumafuna chilolezo cha akuluakulu a zachilengedwe a chigawo chimene mukukhala, monga CapeNature ku Western Cape. Ku Malawi nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo oyang'anira ndi Dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Chenjezo: mukapita kumudzi kutchuthi, musatole fulu kuti mubwere naye m'chikwama. Ndi mlandu mbali zonse ziwiri, komanso fulu wakutchire amanyamula nkhupakupa ndi matenda. Dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu iwiriyi m'chaka cha 2000 chifukwa cha nkhupakupa zofalitsa matenda a heartwater ku ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi.

2. Sankhani malo apansi, ndipo yezerani fulu wa mawa

Malo abwino ndi garaja kapena chipinda chapansi chokhala ndi simenti. Chipinda cham'mwamba chisiyeni. Tawerengerani: malo a mamita 3 m'litali ndi 2.5 m'lifupi, mukathira dothi lozama masentimita 10, dothilo lifika pafupifupi tani imodzi likanyowa. Pansi pa matabwa sipanamangidwire katundu wotere, ndipo madzi akadontha adzawononga siling'i ya chipinda chapansi.

Kwa leopard tortoise mmodzi wamkulu ine sindingatsike pa mamita 3 ndi 2. Sulcata mupatseni garaja yonse. Fulu amayenda kwambiri, ndipo kuyendako kumathandiza kuti chakudya chigayike ndi miyendo ilimbe. Ngati khoma limodzi layang'ana kubwalo la kapinga, ndiye mwapeza, chifukwa mudzaboola kakhomo koti azituluka nthawi yotentha.

Chipinda cha magalasi okhaokha chimakopa maso, koma chimanyenga. Masana a Julaye chimatentha mpaka kupha, usiku wa Januwale chimazizira ngati panja, ndipo galasi wamba silidutsitsa kuwala kwa UVB.

Chenjezo: garaja ikakhala ya fulu, galimoto isalowemonso. Tulutsani petulo, penti, mankhwala a makoswe ndi madzi oziziritsa injini. Madzi amenewa ndi poizoni ngakhale atadontha pang'ono.

3. Tchingani kuzizira mbali zonse, makamaka pansi

Apa m'pamene pamapita ndalama zambiri poyamba, komanso m'pamene zimabwerera. Khomani fulemu ya matabwa pakhoma, lowetsani mabolodi otchinga kuzizira pakati pake mothina, matani tepi yasiliva m'malumikizo onse, kenako phimbani ndi pulayiwudi. Chitani chimodzimodzi kudenga. Chitseko chachikulu chachitsulo cha garaja chimataya kutentha kuposa khoma lililonse, ndiye mangani khoma la matabwa mkati mwake.

Ambiri amaiwala pansi. Inu mukalowa mumamva kufunda kumaso n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pomwe fulu wagoneka mimba yake pa simenti yozizira. Yalani mabolodi pansi, pamwamba pake pulayiwudi.

Chenjezo: bolodi lisaonekere paliponse pamene fulu angafike. Amalikanda ndi kulidya.

Mukatseka chonchi mpweya umafunika njira. Siyani kabowo kolowera mpweya chakumunsi mbali yozizira, kotchinga ndi waya wa sefa kuti makoswe asalowe, ndipo fani ikhale chakumwamba. Popanda izi madzi amayamba kutuluka thukuta m'makoma, chuku n'kumera kuseri kwa pulayiwudi kumene simukuona.

4. Yalani pansi posalowa madzi, posaterera

Fulu wamkulu amakodza kwambiri nthawi imodzi. Yalani pulasitiki ya m'maiwe ija yathunthu, osaidula m'makona koma kuipinda, ikwere khoma masentimita 30. Ikhomereni kumwamba kokha, ndipo mlomo wake muubise ndi kathabwa. Pamwamba pake ikani mphasa za labala kuti zikhadabo zisaiboole. Sulcata ndi wokumba mauna, ndipo pulasitiki yopanda chotchinga amaing'amba tsiku limodzi.

Pakani vanishi pa pulayiwudi yonse yoonekera, kawiri kapena katatu, ndipo tsekani ming'alu ndi silikoni. Tsegulani zitseko mpaka fungo litheretu, ngakhale zitatenga masabata awiri.

5. Mangani mpanda wosaonekera kuseri

Ngati mukugawa chipinda, mpanda ukhale wa matabwa ogundana, wotalika masentimita 60, wokhomeredwa pansi ndi kukhoma. Fulu akaona kuseri kwa chinthu amakhulupirira kuti adutsa, ndipo amakankha tsiku lonse mpaka mphuno kunyuka. N'chifukwa chake galasi ndi waya sizoyenera.

M'makona khomani kathabwa kopingasa pamwamba. Fulu amakwera pakona, n'kugwa chagada, ndipo akagwa chagada pansi pa babu lotentha inu muli kuntchito, akhoza kufa musanabwere. Pakhomo lolowera inu ikani thabwa lotchinga lotalika mpaka m'mawondo kuti dothi lisatayike ndi fulu asakutsatireni. Loko akhale wolimba. Sulcata amasuntha mipando, ndipo kachitseko kongotsekera ndi njerwa sikamuletsa.

6. Magetsi aikidwe ndi katswiri

Osalumikiza zingwe zowonjezera kuchokera kukhitchini. Itanani katswiri wovomerezeka. Ku England ndi Wales ntchito yoika mzere watsopano wa magetsi m'nyumba imagwa pansi pa Part P ya malamulo a zomangamanga, ndipo iye akupatsani pepala lake. Muuzeni aike masoketi okwanira pamwamba, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, otetezedwa ndi RCD (kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira kwina) popeza m'chipindamo mukhala chinyezi. Waya aliyense adutse m'paipi yokhomera kukhoma. Alamu ya utsi ikhale yomveka mpaka kuchipinda kwanu kogona.

7. Pangani dzuwa

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi limene anthu amalakwitsa kwambiri. Fulu sapanga kutentha m'thupi mwake. Amaothera akafuna kufunda, n'kupita pamthunzi akatenthedwa. Choncho chipinda chisafunde mofanana paliponse. Chikhale ndi mbali yotentha ndi mbali yozizirirapo, kuti azisankha yekha monga amachitira m'thengo.

Zinthu zake ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Choyamba ndi kufunda kwa chipinda chonse. Hita ya mafuta kapena mahita a chubu, olumikizidwa ku thermostat yoyamba, asunge madigiri 24 mpaka 28 masana, ndipo usiku asalole kutsika pansi pa 20. Hita itchingidwe ndi matabwa kapena ikhomedwe pamwamba pomwe fulu sangaigunde. Kachingwe komvera kutentha ka thermostat mukamangirire pa msinkhu wa chigoba, mbali yozizira. Mukakaika m'mwamba, kazimva mpweya wofunda wakudenga n'kuzimitsa hita pomwe pansi pali zii.

Chachiwiri ndi poothera. Kolekani mababu awiri kapena atatu moyandikana mbali imodzi, kuti malo ofunda akhale otambalala kuposa fulu yense. Pamwamba pa chigoba pafike madigiri 32 mpaka 36. Babu limodzi lolasa pamalo amodzi limawotcha nsonga ya chigoba miyendo ikadali yozizira, ndipo fulu amangokhalabe pomwepo chifukwa thupi lonse silinafunde, mpaka chigoba kupserera. Sankhani mababu omwaza kuwala, ndipo asayandikire chigoba kuposa masentimita 30. Alumikizeni ku thermostat yachiwiri, ya mtundu wochepetsa mphamvu pang'onopang'ono, osati yongoyatsa ndi kuzimitsa. Pansi pa mababu ikani mwala wafulati uja, osati udzu wouma.

Chenjezo lalikulu: mababu akolekedwe ndi tcheni ku mbedza yokhomera m'thabwa ladenga. Nyale zopanira ndi kachipani zimagwa fulu akagunda khoma, ndipo babu lotentha likagwera pa udzu wouma ndi moto. Zogwirira zapulasitiki nazo zimasungunuka.

Chachitatu ndi UVB. Kuwala kumeneku ndiko kumathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitaminiyu kashiamu wa m'chakudya salowa m'mafupa ndi m'chigoba. Chubu cha T5 cha mawati 54 chimatalika kupitirira mita pang'ono. Chikolekeni pambali penipeni pa mababu oothera, kuti kutentha ndi kuwala zizibwera pamodzi ngati dzuwa lenileni. Mtunda wake tsatirani tchati cha opanga, monga Arcadia kapena Zoo Med. Kawirikawiri umakhala masentimita 40 mpaka 50, ndipo muyeze kuchokera pamwamba pa chigoba, osati pa dothi. Fulu akamakula muzikweza tcheni. Pakati pa chubu ndi fulu pasakhale galasi kapena pulasitiki. Chubu chisalumikizidwe ku thermostat, koma ku taimala, maola 12 kuyaka, 12 kuzima.

Lembani tsiku loyatsa pa chubucho ndi cholembera chosafufutika. Pakatha chaka chimawalabe bwinobwino m'maso mwanu koma UVB amakhala atachepa, ndiye chisinthidwe.

Usiku mukhale mdima weniweni. Mababu ofiira oyatsa usiku musawagule.

Werengeraninso mayunitsi musanayambe. Mababu awiri a mawati 100 ndi chubu cha 54, kwa maola 12, ndi mayunitsi atatu. Hita ya mawati 240 ikamayaka theka la tsiku ndi ena pafupifupi atatu. Pamwezi ndi mayunitsi ngati 180, ndipo m'garaja yosatchingidwa bwino apitirira apo. Ndalama imeneyi muzilipira nyengo yachisanu iliyonse kwa zaka makumi.

8. Dothi, madzi ndi pobisala

Sakanizani dothi ndi makoko a kokonati, thirani lozama masentimita 10 mpaka 15, pondani kuti lilimbe. Likhale lonyowa pang'ono pansi, louma pamwamba. Utuchi wa paini ndi wa cedar uli ndi mafuta opweteka maso ndi mapapo. Mchenga wokhawokha umamatirira ku chakudya n'kutseka matumbo.

Mbali yozizirirapo mangani kanyumba ka pulayiwudi, kongokwana fulu kulowa ndi kutembenuka, denga lake lotsegula kuti muzitha kuyeretsa. Udzu wouma uikeni pakona yake, kutali ndi mababu. Ndi pogona komanso chakudya.

Thireyi ya madzi ikwiriridwe kuti mlomo wake ulingane ndi dothi. Ikhale yaikulu moti fulu alowemo yense, madzi ongofika pamene chigoba chapansi chikumana ndi chapamwamba. Beseni lozama ndi msampha. Sinthani madzi tsiku ndi tsiku chifukwa amakonda kuchitiramo chimbudzi.

Chinyezi chikhale cha pakati, 50 mpaka 60 peresenti. Mpweya wouma kwambiri umathandizira kuti chigoba cha fulu wamng'ono chikule ndi timapiri m'malo mosalala. Koma chinyezi chikakumana ndi kuzizira ndiye chimfine, ndipo leopard tortoise sachedwa kudwala m'mphuno. Mukathira madzi padothi, onetsetsani kuti chipinda n'chofunda.

9. Yesani sabata yathunthu fulu asanalowe

Mtima umafulumira ntchito ikatha, koma dikirani. Yatsani zonse monga mmene zizikhalira. Ikani njerwa kapena mphika wovundikira wofanana msinkhu ndi fulu pansi pa mababu, ndipo muziyeza pamwamba pake pakatha maola awiri. M'mawa uliwonse onani chiwerengero chotsikitsitsa cha usiku mbali zonse ziwiri, n'kulemba m'kope. Gwadani, ikani dzanja padothi pafupi ndi chitseko, mumve ngati pakulowa kamphepo. Gwedezani mpanda mwamphamvu. Ngati munamanga m'chilimwe, mudzayesenso usiku woyamba wa chisanu choopsa.

Ganiziraninso za tsiku lothima magetsi. Mabulangete, mabotolo a madzi otentha ndi bokosi lalikulu lonyamulira zikhale pafupi.

10. Msamutseni modekha

Mnyamuleni ndi manja awiri, mimba yake itayang'ana pansi, osamukweza m'mwamba kwambiri. Akuluakulu anati kamba amanyerera amene wamutola, ndipo sananame: fulu akaopa amataya madzi amene anasunga m'thupi. Choncho mukamusamutsa muviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 20, ndipo muzitero kawiri kapena katatu pasabata. Masiku oyamba akhoza kukana kudya ndi kumangozungulira m'mphepete. Msiyeni, musamugwiregwire.

Chakudya muziika pamwala kapena pa thireyi, osati padothi: udzu, udzu wouma, masamba a dandelion, a mabulosi ndi a hibiscus, owazidwa ufa wa kashiamu kangapo pasabata. Kukafunda kunja, tsegulani kakhomo ka kubwalo lotchingidwa. Ola limodzi la dzuwa lenileni ndi kapinga wosapoperedwa mankhwala zimamuchitira zimene chubu sichingakwanitse. Madzulo aliyense onetsetsani kuti walowa, ndipo mutseke.

Afulu ndi zokwawa zina zimanyamula tizilombo ta salmonella ngakhale zikuoneka zathanzi. Sambani m'manja ndi sopo mukatuluka, khalani ndi nsapato za m'kholamo zokha, ndipo thireyi zake musatsukire m'sinki yakukhitchini. Ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera ndi odwala asagwire ntchito yoyeretsa.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kumanga molingana ndi fulu wa lero. Pakatha zaka ziwiri mumaphwasula n'kugulanso matabwa.

Kuika mphasa yamagetsi yotenthetsa pansi pa fulu wamkulu. Kulemera kwake kumatsekereza kutentha pamalo amodzi, ndipo chigoba chapansi chimapsa iye osasuntha. Kutentha kuzichokera kumwamba.

Kukhulupirira nambala ya pa thermostat osayeza padera. Chipangizo chilichonse chimafa tsiku lina, ndipo choyezera chachiwiri ndicho chimakuuzani.

Kumupatsa zotsala za m'khitchini. Nthochi, mango, nsima, buledi ndi chakudya cha agalu amadya mokondwa, koma matumbo ake ndi a udzu. Zotsekemera zimamutsegula m'mimba, ndipo chakudya cha nyama chimawononga impso ndi kupotoza chigoba. Zoyera zimene amatulutsa pokodza zizikhala zofewa ngati phala. Zikamatuluka zolimba ngati timiyala, madzi akuchepa m'thupi.

Kumupezera mnzake. Fulu sasungulumwa monga ife. Amuna awiri amagundana ndi kugubuduzana, mwamuna amavutitsa mkazi osapuma, ndipo mitundu yosiyana imapatsirana matenda. Wachiwiri amafuna khola lachiwiri.

Kulola galu kulowa. Ngakhale galu wofatsa amatafuna chigoba ngati fupa. Makoswe nawo amaluma miyendo ya fulu ali mtulo, choncho zotsala za chakudya zichotsedwe madzulo aliyense.

Kufunafuna dokotala fulu atadwala kale. Si dokotala wa ziweto aliyense amene amadziwa zokwawa. Mpezeni lero, nambala yake muimate pachitseko cha khola. Muyezeni fulu pa sikelo kamodzi pamwezi n'kulemba, chifukwa kutsika kwa sikelo kumayamba zizindikiro zina zisanaoneke. Mukaona thovu m'mphuno, kupuma ndi kukamwa, maso otupa, kapena kukana chakudya kwa sabata chipinda chili chofunda bwino, mukulungeni kuti asazizidwe panjira ndipo mupite naye tsiku lomwelo.